Zaka zinayi pa kayunivesite kakang'ono: zomwe ndinapezako ndi zomwe kanalibe

Nthawi iliyonse bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite la NCHE likatulutsa mayina a ana amene asankhidwa kupita ku mayunivesite a boma, kuno kwathu ku Chamama kumakhala makomo ochepa a nthungululu ndi makomo ambiri ongoti zii. Makolo ena amabwera kudzandifunsa, poti amadziwa kuti nanenso dzina langa silinatuluke koma digiri ndili nayo. Funso lawo limakhala limodzi: timayunivesite ting'onoting'ono ta mipingo timeneti, ndi sukulu zenizeni kapena n'kongotayirako ndalama za fodya? Ndaganiza zolemba zomwe ndimawayankha, motambasula, kuti ndi ena akutali omwe amve nawo.

Ndinalemba MSCE pa CDSS ina kuno ku Kasungu. Makirediti 6, kuphatikizapo Chingerezi, ndinali nawo, ndipo amenewa ndiwo amafunika kuti munthu aloledwe kuchita digiri. Koma malo m'mayunivesite a boma ndi ochepa kuyerekeza ndi ana amene amakhoza, ndiye amayamba kutenga a mapointi otsika kwambiri. Anga sanafikepo. Ndinakhala pakhomo dzinja lonse ndikusoka fodya ndi amayi, mpaka abusa a pa mpingo wathu anabweretsa mafomu a kayunivesite kena ka mpingo. Dzina lake sinditchula, chifukwa sindikuitsatsa malonda, komanso ndinena ndi zofooka zake zomwe.

Mwini mbumba kwathu ndi amalume, ndiye nkhani inapita kwa iwo. Anayang'ana mafomu aja nthawi yaitali, kenako anati, "Mphwanga, tandiuza bwinobwino. Ukakamaliza kumeneko udzakhala ndani? Namwino? Mphunzitsi?"

Ndinati, "Amalume, akuti zaka ziwiri zoyamba aliyense amaphunzira zinthu zosiyanasiyana, kenako m'pamene amasankha mbali yake."

"Ndiye ine ndikagulitse mabelo anga ku Chinkhoma kuti iwe ukaphunzire zosiyanasiyana?"

Funso limenelo silinali lachibwana ndipo ndimalilemekeza mpaka lero. Munthu amene wavutika chaka chathunthu, kuyambira ku nazale mpaka kudinda mabelo, ayenera kudziwa chimene ndalama yake ikukagula. Tsiku limenelo ndinalibe chowayankha. Anavomera chifukwa amayi anawachonderera, komanso chifukwa onse ankadziwa kuti mtsikana wa msinkhu wanga akakhalitsa pakhomo, mapeto ake ndi banja.

Chimene chinandidabwitsa nditangofika ndi kuchepa kwa malowo. Ophunzira tonse, a chaka choyamba mpaka chachinayi, tinkakwana m'chipinda chimodzi chopemphereramo, mipando ina n'kutsalako. Semesita yoyamba isanathe, alonda a pageti, amayi ophika ndi mkulu wa sukulu yemwe anali atandidziwa dzina ndi kwathu. Aphunzitsi angapo ankakhala pa sukulu pomwepo. Ukajomba m'mawa, madzulo ake unkakumana nawo panjira akuchokera kogula ndiwo, n'kukufunsa ngati ukudwala. Mnzanga amene anasankhidwa ku yunivesite ina yaikulu ankandiuza kuti m'makalasi ena a chaka choyamba munkadzaza anthu mazanamazana, moti mphunzitsi sankadziwa amene wabwera ndi amene wagona. Ife m'kalasi tinkakhala makumi owerengeka, ndipo pofika chaka chachitatu tinkatha kukhala mozungulira tebulo n'kumaonana nkhope. Pamalo otere palibe pobisala. Ngati sunawerenge zimaonekera poyera, ngati wasokonezeka maganizo wina amazindikira msanga.

Tsono "zosiyanasiyana" zija zinali izi. Kaya ukufuna kudzachita za uphunzitsi, za utolankhani, za chitukuko cha m'midzi, za malonda kapena za ubusa, zaka ziwiri zoyamba tonse tinkakhalira limodzi kuphunzira kalembedwe ka Chingerezi, kuyankhula pagulu, luso lolingalira, mbiri ya Africa ndi ya dziko lonse, Baibulo, za kaganizidwe ka munthu, za kakhalidwe ka anthu pagulu, masamu a ziwerengero, kompyuta ndi sayansi pang'ono. Nyimbo zinaliponso, ndipo aliyense ankayenera kudziwa kuwerenga manotsi ngakhale pang'ono. Ambiri tinkadandaula kuti zimenezi zikutichedwetsa. Ine ndimafanizira ndi munda wa kasakaniza, woti chimanga, nyemba ndi maungu zili pamzere umodzi. Wodutsa panjira amaona ngati chisokonezo, koma mwini munda amadziwa kuti chimodzi chikakanika china chimupulumutsa, ndipo nyemba zija zikudyetsanso nthaka ya chimanga.

Kaphunzitsidwe kameneka ku America amakatcha liberal arts, ndipo kumeneko kuli makoleji ang'onoang'ono ambiri amene amatsata njira imeneyi. Mizu yake ili kutali, m'masukulu akale a ku Ulaya, kumene wophunzira ankayamba ndi maphunziro 7: galamala, kulingalira, luso la kuyankhula, masamu owerengera, masamu a miyeso, nyimbo ndi za nyenyezi. Akatha zimenezi m'pamene ankapita ku za malamulo, za mankhwala kapena za umulungu. Ife a ku Kasungu tisamaone ngati n'zachilendo. Kamuzu Banda, asanakhale dotolo ku Meharry Medical College mu 1937, anayamba watenga digiri ya mbiri yakale ku University of Chicago mu 1931. Ndipo pamene ankatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, analamula kuti ana aziphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Munthu angathe kutsutsana naye pa zambiri, ndipo zotsutsa zilipo, koma mfundo yoti mwana ayambe watambasula nzeru asanalowe m'ntchito imodzi inafika pakhomo pathu kalekale.

Kalasi imene inandisintha kwambiri ndi ya kalembedwe. Ku sekondale tinazolowera kukopera manotsi pa bolodi, kuwaloweza, n'kukawabweza pa pepala la MANEB. Kuno Madamu amene ankatiphunzitsa ankafuna nkhani yolemba sabata iliyonse, ndipo ankawerenga chiganizo chilichonse. Pepala linkabwera lofiira ndi inki, pansi atalemba kuti ukawapeze ku ofesi. Tsiku lina anandikhazika pansi n'kunena kuti, "Apa wandiuza zimene buku likunena, ndipo wanena molondola. Nanga iweyo ukuti bwanji? Umboni wako ndi uti?" Kunali koyamba kuti munthu wamkulu andifunse maganizo anga pa nkhani ya m'buku n'kudikira yankho. Anadikiradi. Ndinalembanso pepala lija, iwo n'kuliwerenganso, n'kundibwezeranso. Ntchito yotere mphunzitsi sangaigwire ali ndi ana mazana atatu, ngakhale akhale wodzipereka chotani. Ngati pali chinthu chimodzi chimene ndalama ya amalume inagula, ndi nthawi ya munthu wophunzira amene anakhala pansi n'kuwerenga zolemba zanga mosathamanga.

Kalasi ya kulingalira inali yovuta mwa mtundu wina. Tinkatenga nkhani za m'nyuzipepala, zolankhula za andale, ngakhale maulaliki, n'kumazigawa: mfundo yaikulu ndi iti, yaima pa chiyani, pali pamene wolankhula walumpha? Pa sukulu ya mpingo ndinkayembekezera kuti mafunso ena ndi oletsedwa, koma aphunzitsi athu, amene analinso abusa, ankakondwa tikawapanikiza. Ankangofuna kuti usanatsutse munthu uyambe wanena mfundo yake momveka bwino, mpaka iye avomere kuti wamumvetsa.

Koma pamene ndinamvetsa phindu la kuphunzira zinthu zambiri pamodzi ndi m'kalasi ya mbiri ya Malawi. Agogo anga aamuna anagwira utenanti pa esiteti ina ya fodya zaka zambiri, pamene munda wa makolo unalipo kumudzi. Pakhomo nkhani imeneyi inkanenedwa ngati tsoka la banja lathu, kapena ngati kulephera kwawo. M'kalasi muja ndinamva za lamulo la Special Crops Act la 1963, limene linachititsa kuti fodya wa bale azilimidwa ndi okhawo okhala ndi chilolezo, makamaka eni maesiteti. Mlimi wamba pa munda wa makolo ankalima fodya wa chikopa ndi mbewu zina, n'kumagulitsa pa mtengo umene boma linkaika, kudzera ku ADMARC kuyambira 1971. Amene ankafuna kukhudzako ndalama ya bale ankayenera kukalowa utenanti, kumene ankalandira chakudya ndi zipangizo pangongole, n'kudzadulidwa pogulitsa fodya kwa mwini esiteti. Zinayamba kusintha cha mu 1990, boma litayamba kulola alimi ang'onoang'ono kulima bale. Nditamva zimenezi ndinakhala pa mpando osadzuka anzanga onse atatuluka. Agogo sanali munthu wolephera. Panali lamulo, lolembedwa ndi anthu, limene linawatsekera njira.

Kafukufuku wanga wa chaka chomaliza ndinachita pa nkhani yomweyi. Pa tchuthi ndinkayenda pa njinga m'midzi ya ku Chamama ndi kufupi ndi Mtunthama kucheza ndi agogo amene anakhalapo matenanti. Apa m'pamene zosiyanasiyana zija zinakumana. Mbiri inandipatsa mafunso, phunziro la kakhalidwe ka anthu linandiphunzitsa kufika kwa amfumu kaye ndi kupempha chilolezo kwa wofunsidwa, masamu anandithandiza kuwerengera ngongole zimene ankandifotokozera, ndipo kalembedwe kanandithandiza kuziika pa pepala mosawanamizira. Aphunzitsi ondiyang'anira anawerenga mutu uliwonse kangapo. Pamene Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la za ntchito mu 2021 n'kuthetsa utenanti, ndinamva ngati nkhani ya pakhomo pathu.

Lero ndimagwira ntchito ndi gulu la alimi a soya ndi mtedza. Palibe kalasi imene inandiphunzitsa ntchito imeneyi mwachindunji. Koma wogula akabwera ndi pepala la mgwirizano la masamba ambiri m'Chingerezi, ndine amene ndimaliwerenga mpaka timalemba tating'ono ta pansi, n'kufotokozera alimi m'Chichewa kuti mbewu ikapezeka ndi chinyezi adzadulidwa zingati, ndani alipire galimoto, ndipo ndalama idzalowa liti. Ndimalemba makalata opempha thandizo, malipoti ndi mfundo za misonkhano. Ndimaima pamaso pa mafumu ndi alangizi a zaulimi osanjenjemera. Amalume nawonso amandiitana pakafika pepala lofunika kusaina.

Tsopano zofooka, chifukwa zilipo ndipo kholo liyenera kuzidziwa lisanagulitse ng'ombe. Labotale yeniyeni kunalibe, sayansi yathu inali ya pa bolodi. Mabuku ambiri m'laibulale anali opatsidwa ndi anthu akunja, ena akalekale, ndipo onena za Malawi anali ochepa moti tinkachita kulandirana. Intaneti inkavuta. Aphunzitsi ena anali aganyu ochokera ku masukulu ena, ndipo mmodzi anatisiya semesita ili pakati atapeza ntchito kwina, ife n'kukhala milungu popanda wotiphunzitsa. Malamulo anali okhwima: mapemphero a m'mawa osajomba, mowa ayi, geti kutsekedwa nthawi yake. Ine sanandivute, koma anzanga ena anawaona ngati ndende ndipo angapo anachotsedwa. Kuchepa kumene ndakuyamikira kuja kuli ndi mbali yake yowawa, chifukwa pamalo poti aliyense amadziwa mnzake miseche siichedwa, ndipo ukasemphana ndi mphunzitsi mmodzi udzakumana nayebe chaka chamawa popeza palibe wina wophunzitsa phunzirolo. Pofunsira ntchito, mabwana ena ankayamba afunsa kuti sukuluyo ili kuti. Amene anaphunzira ku mayunivesite akuluakulu amapeza anzawo akale pafupifupi m'ofesi iliyonse, pamene ife timayenera kudzionetsa tokha ndi ntchito za manja athu.

Choncho si mwana aliyense amene ndingamutumize kotere. Amene mtima wake uli pa udotolo, unamwino, uinjiniya kapena sayansi ya ulimi akufunika malo okhala ndi zipangizo, monga mayunivesite a boma a KUHeS, MUBAS, MUST kapena LUANAR, ndipo ngati mapointi sanakwane ndi bwino kulembanso mayeso kusiyana ndi kulowa kulikonse kumene kwatseguka chitseko. Mlongo wanga wamng'ono amakonda kumasula ndi kumanga makina kuyambira ali mwana. Iyeyo ndinamuuza mosabisa kuti ayesere ku sukulu za ntchito zamanja ngati Namitete kapena Lilongwe Technical College, chifukwa kumukhazika pansi kuti azilemba nkhani sabata iliyonse kukanakhala kumuzunza. Koma mwana wokonda kuwerenga, wofunsafunsa, amene sanadziwebe chimene akufuna kudzakhala, kapena wamanyazi amene angasowe m'chigulu cha anthu, ameneyo kayunivesite kakang'ono kangamuumbe bwino.

M'dziko muno masukulu a mipingo alipo angapo. African Bible College inatsegulidwa ku Lilongwe mu 1991, University of Livingstonia inayamba mu 2003 ndipo ili ku Khondowe ndi ku Ekwendeni, Catholic University inatsegula zitseko ku Nguludi mu 2006. Palinso Nkhoma University ndi Malawi Adventist University. Onsewa si ofanana, ndipo si onse amene amatsata kwambiri njira yoyamba ndi maphunziro osiyanasiyana. Ena amalowetsa mwana m'mbali yake kuyambira tsiku loyamba. Pemphani kuona ndandanda wa maphunziro a zaka zonse zinayi, osati kapepala kokongola kotsatsira malonda kokha.

Kwa mwana amene wakhoza kwambiri, kunja kulinso mwayi, ngakhale khomo lake ndi lopapatiza. Ku Ghana kuli Ashesi University, imene Patrick Awuah anaiyambitsa mu 2002 ndi ophunzira 30 atasiya ntchito ku Microsoft. Kumeneko ngakhale ochita za kompyuta ndi uinjiniya amaphunziranso kulemba, utsogoleri ndi chikhalidwe chabwino, ndipo ophunzira amalemba mayeso popanda wowalondera, atalonjeza okha kusabera. Ku Kentucky, m'dziko la America, kuli Berea College, yoyambitsidwa mu 1855, imene siilipiritsa fizi ya maphunziro koma wophunzira aliyense amagwira ntchito pa sukulupo maola osachepera 10 pa sabata. Ndipo mwana wa kwathu konkuno, William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene anasiya sukulu posowa fizi nthawi ya njala ya 2002 n'kupanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito mabuku a m'kalaibulale kakang'ono, anamaliza ku Dartmouth College mu 2014, sukulu yotsata njira yomweyi. Masukulu amenewa amalembetsa okha kudzera pa masamba awo a pa intaneti. Munthu akakuuzani kuti mumupatse ndalama kuti akupezereni malo kumeneko, muthaweni.

Kubwerera kuno kumudzi, chinthu choyamba kufufuza ndi chilolezo cha NCHE. Apa ambiri amapusitsika, chifukwa sukulu kulembetsedwa n'kwina, ndipo pulogalamu imene mwana akukachita kuvomerezedwa n'kwinanso. Sukulu ingathe kukhala yovomerezeka koma digiri ina imene yangoyambitsa isanavomerezedwe. NCHE imatulutsa mndandanda wa masukulu ndi mapulogalamu ovomerezeka, ndiye muuone ndi maso anu kapena mutume munthu wodalirika, musangomvera wa ku ofesi yolembetsa. Digiri yosavomerezeka imakanidwa pofunsira ntchito m'boma ndi popitiriza maphunziro, ndipo ndikudziwa anthu amene anazindikira zimenezi atavala kale gauni. Ngati mwana akufuna kudzaphunzitsa ku sekondale, asankhe pulogalamu ya uphunzitsi yeniyeni, chifukwa digiri ya mbiri kapena ya Chingerezi payokha siimupanga kukhala mphunzitsi wovomerezeka.

Mukatha, pitaniko sukulu ili mkati, osati pa tchuthi. Lowani m'laibulale, onani kogona ndi kumene amatunga madzi. Imitsani wophunzira wa chaka chachitatu panjira, mumufunse ngati aphunzitsi amabwera, ngati amabweza mapepala atalembamo ndemanga, komanso kuti mwa amene anayamba nawo limodzi atsala angati. Funsaninso kuti aphunzitsi okhazikika ndi angati ndipo aganyu ndi angati. Sukulu yaing'ono imene aphunzitsi ake amangobwera kudzaphunzitsa n'kuthamangira kwina yataya chinthu chokhacho chimene ikanaposera yaikulu.

Nkhani ya ndalama ndiyo inatilemera kwambiri. Fizi ya masukulu amenewa ndi yokwera kuposa ya boma, ndipo imakwera pafupifupi chaka chilichonse. Pamwamba pake pali chakudya, malo ogona, thiransipoti, kusindikiza maasayimenti ndi laputopu, imene pofika chaka chachitatu siithawika. Kwa ife odalira fodya vuto lina ndi nyengo. Ndalama imabwera msika ukatsegulidwa cha mu Epulo mpaka m'miyezi yozizira, pamene semesita ina imafuna fizi nthawi ya mvula, m'nyumba mulibe kanthu ndipo feteleza akufunikanso. Ife tinkapatula ya semesita imeneyo fodya akangogulitsidwa n'kukaikiratu ku akaunti ya sukulu, chifukwa ikakhala m'nyumba maliro ndi matenda zimaidya. Chaka china mitengo itagwa tinagulitsa mbuzi, ndipo ndinapita ndekha ku ofesi ya zachuma kukapempha kulipira pang'onopang'ono. Anavomera, ndipo ndinapempha kuti alembe pa pepala. Bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira, Higher Education Students' Loans and Grants Board, limathandizanso ena a m'masukulu omwe si aboma ngati sukuluyo ili yovomerezeka, choncho mwana azitchera khutu nthawi yofunsira ikalengezedwa, ngakhale si onse ofunsira amene amapatsidwa.

Anzanga amene anasiyira panjira, ambiri sanalephere mayeso. Mabanja awo anawerengera chaka choyamba chokha, ndipo pofika chachitatu mphamvu zinatha, sukulu n'kugwira zotsatira zawo mpaka ngongole itabwezedwa. Muwerengere zaka zinayi zonse mbumba ili pamodzi, aliyense anene chimene adzapereke ndi mwezi wake. Ndipo kapepala kalikonse ka ku banki kosonyeza kuti mwalipira muzikasunga m'fayilo imodzi mpaka tsiku lolandira satifiketi, chifukwa m'maofesi ang'onoang'ono zolemba zimasokonekera, ndipo pa chaka changa chomaliza timapepala timeneti ndi timene tinachitira umboni kuti semesita ina inali italipiridwa kale.